Pepala limapsa, kompyuta imagwidwa: ndani asunge mbiri ya msilikali?

Pa 12 Julaye 1973, pakati pa usiku patangodutsa pang'ono, moto unabuka pamwamba penipeni pa nyumba yosanjikizana kasanu ndi kamodzi ya National Personnel Records Center, kufupi ndi mzinda wa St. Louis ku America. M'nyumbamo munalibe mfuti, munalibe zipolopolo. Munali mapepala okhaokha, mafayilo a amuna ndi akazi amene anagwirapo ntchito ya usilikali m'dzikolo. Ozimitsa moto analimbana nawo masiku anayi. Utazima, anapeza kuti mafayilo pakati pa 16 miliyoni ndi 18 miliyoni apita. Mwa asilikali a pamtunda amene anatuluka usilikali kuyambira Novembala 1912 kufika kumapeto kwa 1959, pafupifupi 80 pa 100 aliwonse mbiri yawo inasanduka phulusa kapena phala la mapepala onyowa. Panalibe kope lina kwina kulikonse. Panalibe ngakhale mndandanda wathunthu wosonyeza kuti m'mashelufumo munali mayina a ndani.

Munthu amene anamenya nkhondo ku France kapena ku Korea, nabwerako ndi chipolopolo m'ntchafu, anadzuka m'mawa wake alibe chomuchitira umboni. Mpaka lero ogwira ntchito pamalowa akadalumikizalumikiza zidutswa zopserera, ndi kufufuza m'mabuku a malipiro ndi a zipatala, kuti mwana kapena mdzukulu wa msilikali apeze chikalata chonena kuti agogo ake anapitadi ku nkhondo.

Amene sanakhalepo msilikali amaganiza kuti usilikali ndi mfuti ndi perete. Mkati mwake ndi ntchito yolemba. Chakudya chimalembedwa, mafuta amalembedwa, nsapato ndi bulangete zimasainidwa. Ndege siinyamuka amakaniko asanalembe zimene akonza. Tchuthi chimafuna fomu, kusamuka kumafuna fomu, ngakhale imfa imafuna fomu. N'chifukwa chake, kompyuta zitayamba kuchepa mpaka kukwana m'thumba la yunifomu, akuluakulu a asilikali a America anaona ngati apeza mankhwala a nthenda yakale. Zaka zoposa 20 zapitapo tsopano, ndipo zimene zachitika zikusonyeza kuti nthendayo anaidziwa mbali imodzi yokha.

Chimene chinawakankha kwenikweni ndi nkhondo ya ku Gulf ya 1990 ndi 1991. Nkhondoyo anaipambana mwachangu, koma kuseri kwake kunali chisokonezo. Makontena pafupifupi 40,000 anatumizidwa ku Saudi Arabia, ndipo oposa theka anachita kutsegulidwa limodzilimodzi kuti anthu aone zimene zinali m'kati, poti mapepala ake anali atasiyana njira ndi katunduyo. Msilikali wofuna chitsulo cha galimoto akadikira osachiona, ankaitanitsa china, pamene choyambacho chili phee m'kontena padoko. Ofufuza za ndalama za boma anadzawerengera kuti zida zosinthira za madola pafupifupi 2.7 biliyoni zinangokhala osagwira ntchito. Vuto limeneli linachepa ndithu: makontena anayamba kumatidwa timazizindikiro ta pawailesi ndi timizere towerengedwa ndi makina, ndipo wosunga katundu amangoloza kachipangizo ka m'manja n'kudziwa za m'kati. Katundu savuta. Sathawa, satuluka magazi, ndipo womuwerenga amakhala ndi manja onse awiri.

Anthu ndiwo anavuta. Asilikali a America pafupifupi 700,000 anapita ku nkhondo imeneyo. Atabwerako, ambiri anayamba kudandaula kutopa kosatha, kuphwanya m'thupi, kuiwalaiwala, zotupa pakhungu. Madokotala atafuna kudziwa chimene chinawachitikira, mafunso osavuta anasowa mayankho. Ndani anabayidwa katemera wa anthrax, amene anaperekedwa kwa asilikali pafupifupi 150,000 koma nthawi zambiri osalembedwa m'fayilo ya mwini wake? Ndani anamwa mapiritsi a pyridostigmine bromide oteteza ku mpweya wa poizoni, ndipo anamwa angati? Ndani anagona pafupi ndi zitsime za mafuta zimene zinkayaka ku Kuwait? Mu Malichi 1991 asilikali a America anaphulitsa nkhokwe ya zida ku Khamisiyah, kumwera kwa Iraq, osadziwa kuti munali maroketi a poizoni wa sarin. Unduna wa zachitetezo unavomera zimenezi mu 1996, patatha zaka zisanu, kenako unachita kulembera makalata asilikali pafupifupi 100,000 amene mwina mpweyawo unawafika. Mawu akuti "mwina" anabwera chifukwa palibe amene ankadziwa bwinobwino kumene gulu lililonse linali tsiku limenelo. Buku limene likulu la nkhondo linkalembamo za zida za poizoni limayenera kukhala ndi masamba pafupifupi 200. Anapezeka 36.

Mlandu suwola, koma umboni umawola. Msilikali wodwala akapita kukapempha chithandizo ndi chipukuta misozi, ankafunsidwa chikalata chimene amene akumufunsawo ndiwo anachitaya. Mkwiyo wa anthu unafika ku Congress, nyumba ya malamulo ya dzikolo, ndipo mu Novembala 1997 panakhazikitsidwa lamulo lokakamiza unduna wa zachitetezo kulondoloza umoyo wa msilikali aliyense asanapite ku nkhondo, ali kunkhondoko, ndiponso akabwerako.

Pamenepa m'pamene kompyuta ya m'manja inalowera. Ku Fort Detrick, m'chigawo cha Maryland, Tommy Morris, amene kale anali msilikali wopereka chithandizo kwa ovulala, anatsogolera ntchito yopanga pulogalamu yotchedwa BMIST. Inkayenda pa kachipangizo ka HP iPAQ, kofanana kukula ndi foni za masiku ano, kolembedwa ndi kamtengo kapulasitiki. Ganizo lake linali lomveka. Wopereka chithandizo azinyamula m'thumba mbiri ya asilikali onse a gulu lake: mtundu wa magazi, mankhwala amene thupi lawo limakana, katemera amene analandira. Wina akavulala, agogode pa chithunzi cha thupi la munthu kusonyeza pamene pali bala, asankhe pa mndandanda mankhwala amene wapereka, ndipo akafika pa kampu alumikize kachipangizoko ku laputopu kuti zonse zipite kutsogolo. Gulu lankhondo linaika BMIST pa mndandanda wa zopangidwa zake zapamwamba za chaka cha 2003. Chaka chomwecho dongosolo lalikulu lotchedwa MC4 linayamba kutumiza malaputopu ndi makompyuta a m'manja ku Kuwait ndi ku Iraq.

Aliyense amene anatayapo kabuku ka kuchipatala, kenako adokotala n'kumufunsa kuti ulendo watha anamupatsa mankhwala anji, akumvetsa chimene anthuwa ankafuna. Kusiyana kwake n'kwakuti msilikali wovulala ku Iraq ankatha kudutsa m'manja mwa magulu asanu a madokotala pa masiku ochepa: pamene wagwera, pa chipatala cha m'tenti, pa chipatala chachikulu ngati cha ku Balad, kenako Landstuhl ku Germany, n'kukathera ku Walter Reed ku Washington. Ndipo nthawi zambiri ankayenda ulendo wonsewo ali chikomokere, osatha kuyankha funso lililonse.

M'zipatala za m'makampu, m'mizere ya odwala chifuwa ndi obinya mwendo, makinawa anagwira ntchito. Zolemba mamiliyoni zinasungidwa zimene pa nkhondo ya 1991 zikanasowa. Ichi n'chinthu chachikulu ndipo sitiyenera kuchipeputsa. Koma pamalo amene makinawo anapangidwira makamaka, pamene munthu wangogwa kumene, zinthu sizinayende.

Taganizirani ntchitoyo mmene imakhalira. Bomba laphulika m'mphepete mwa msewu. Wopereka chithandizo wagwada pafumbi, bondo limodzi lapanikiza ntchafu ya mnzake, manja akumanga lamba woletsa magazi. Magolovesi ali magazi okhaokha. Dzuwa likuwala moti pagalasi la kachipangizo sipakuoneka kanthu, kapena ndi usiku ndipo kuwala kwa galasilo kungaitane chipolopolo. Ovulala ndi atatu, iye ndi mmodzi. Helikopita ikubwera m'mphindi zochepa. Munthu wotereyu satulutsa kamtengo kapulasitiki n'kuyamba kusankha pa mndandanda. Zimene ambiri ankachita ndi kutenga cholembera chosafufutika n'kulemba pa pulasitala womata pachifuwa cha wovulalayo, pa bandeji, kapena pamphumi penipeni: chilembo T ndi nthawi imene lamba wamangidwa. Mu 2007, akatswiri a chithandizo cha kunkhondo atakumana n'kuunika ovulala pafupifupi 30,000 a ku Iraq ndi Afghanistan, anapeza kuti osakwana 10 pa 100 aliwonse ndiwo anali ndi cholembedwa chilichonse chonena zimene anachitiridwa asanafike kuchipatala. Izi zinali patatha zaka zinayi makinawo ali m'manja mwa asilikali.

Gulu limene linachita bwino koposa pa nkhaniyi silinadalire chipangizo chatsopano. A 75th Ranger Regiment anapanga kakhadi kawo kakang'ono kosanyowa, kokhala ndi chithunzi cha thupi ndi malo ochepa ongochonga, ndipo msilikali aliyense ankakanyamula m'kachikwama kake ka mankhwala. Chachikulu sichinali kakhadiko. Akuluakulu a gululi analamula kuti wovulala aliyense alembedwe, ndipo nkhondo ikatha tsikulo zolembazo zilowetsedwe m'kaundula wa pakompyuta, ziunikidwe, ndipo zolakwika zikhale phunziro la mawa. Kafukufuku amene dokotala wawo Russ Kotwal ndi anzake anatulutsa mu 2011 anaunika ovulala 419 a gululi pakati pa 2001 ndi 2010, ndipo sanapeze ngakhale mmodzi amene anafa chifukwa chosowa chithandizo chimene chikanatheka asanafike kuchipatala. Kakhadi ka ma Ranger kaja n'kamene kanasanduka fomu ya magulu onse ankhondo a America, DD 1380 yatsopano, mu 2014. Pofika chaka chimenecho dziko lonse linali ndi mafoni amakono m'matumba, koma gulu lankhondo lolemera kuposa onse linasindikiza kakhadi komangirira pa wodwala ndi kachingwe.

Ine ndimaona kuti apa m'pamene pagona nkhani yonse. Chimene chinkasowa pabwalo la nkhondo sichinali chida cholembera. Ankasowa manja, nthawi, ndiponso bwana wofunsa kuti khadi la uje lili kuti. Opanga makina anazindikira zimenezi mochedwa, ndipo zipangizo za masiku ano zikuyesa kuchotsa kulembako m'manja mwa munthu. Pulogalamu ya BATDOK, yopangidwa ndi ofufuza a asilikali a m'ndege ku Wright-Patterson m'chigawo cha Ohio, imayenda pa foni ya Android yomangirira pachifuwa kapena pamkono. Timasensa tomata pa wovulala timatumiza tokha kugunda kwa mtima ndi kuchuluka kwa mpweya m'magazi, moti munthu mmodzi atha kuyang'anira odwala angapo, ndipo foni imamuchenjeza wina akayamba kufooka. Mu 2022 inasankhidwa kuti ikhale ya magulu onse ankhondo a America. Kakhadi kaja sikanachoke m'chikwama.

Zolemba zikachoka pabwalo la nkhondo zimakumananso ndi mpanda wina. Mu Febuluwale 2007, atolankhani Dana Priest ndi Anne Hull a nyuzipepala ya Washington Post anaulula mmene asilikali ovulala ankavutikira ku Walter Reed. Anthu ambiri amakumbukira za nkhungu m'zipupa ndi mbewa, koma m'nkhani yomweyo munali chiwerengero china: msilikali ankayenera kudzaza zikalata 22 zopita ku maofesi asanu ndi atatu, ndipo zikalatazo zinkalowa m'madongosolo 16 a makompyuta amene ambiri mwa iwo sankamvana. Makompyuta analipo ambirimbiri. Msilikali wopanda mwendo ndiye ankayenda ndi mapepala kuchoka pa kompyuta ina kupita pa inzake.

Ndipo tisaganize kuti cholembedwa pa kompyuta sichitayika. Mu 2012 atolankhani a ProPublica ndi Seattle Times anapeza kuti magulu ambiri amene anamenya nkhondo ku Iraq ndi Afghanistan analibe zolemba zawo za tsiku ndi tsiku. Kale kunkakhala makalaliki odziwa kuti lipoti lililonse limapita m'bokosi liti. Ntchito itasamukira pa makompyuta, udindowo unagwera pakati. Magulu ena pobwerera kwawo ankafufuta zonse za m'makompyuta poopa kuti zinsinsi zingatuluke, ena ankasiyira makinawo gulu lowalowa m'malo, limene linkalemba zake pamwamba. Ku St. Louis kunafunika moto wa masiku anayi. Kuno kunangofunika munthu womvera lamulo la chitetezo ndi mphindi zingapo, ndipo panalibe utsi woti wina aone. Asilikali amene anadwala atapuma utsi wa maenje otenthera zinyalala m'makampu anavutika zaka zambiri kuti atsimikize kumene anali ndi chimene anapuma, mpaka lamulo la PACT Act la mu Ogasiti 2022 linanena kuti pa matenda ena, ngati munthu anatumikira kumalo akutiakuti pa nthawi yakutiyakuti, boma lizingovomera popanda kumufunsa umboni wina.

Pali choopsa china chimene pepala linalibe. Mafayilo 2,000 amafuna galimoto kuti abedwe. Kachipangizo kamalowa m'thumba. Ku Iraq ndi Afghanistan asilikali a America ankayenda ndi makina a m'manja otchedwa HIIDE ndi SEEK II, ojambula nkhope, zidindo za zala ndi kamboni wa diso. Ankawagwiritsa ntchito pa malodibuloko ndi pazipata za makampu, pofuna kusiyanitsa wofunidwa ndi wantchito wawo, poti chitupa cha pepala chimapekedwa koma diso silipekedwa. M'makinamo munalowa zigawenga, koma munalowanso otanthauzira, ophika, oyendetsa malole ndi ena amene ankathandiza asilikali achilendowo. Mu Ogasiti 2021, boma la ku Kabul litagwa, zinamveka kuti ena mwa makina a HIIDE agwera m'manja mwa a Taliban. Munthu atha kuwotcha kalata yake ya ntchito, kusintha dzina, kumeta kapena kusunga ndevu. Maso ndi zala sangazisiye kunyumba.

Mu 2022 katswiri wina wa ku Germany, Matthias Marx wa bungwe la Chaos Computer Club, anagula SEEK II pa eBay pa mtengo wa madola 68. Itafika ku Hamburg, anapezamo mayina, zithunzi, zidindo za zala ndi zithunzi za maso za anthu 2,632, ambiri a ku Afghanistan ndi Iraq. Zinthuzo sizinali zobisidwa ndi njira iliyonse yolimba. Makinawo anagwiritsidwa ntchito komaliza mu 2012 kufupi ndi Kandahar, n'kutha zaka khumi popanda wina wozula kakhadi kosungira zinthu kamene kanali m'kati. Madzi akatayika saoleka. Chimene chimandiwawa pa nkhaniyi n'chakuti anthu 2,632 aja sanafunsidwe ngati akufuna kulowa m'makinamo, ndipo si iwo amene anaiwala kuzula kakhadiko.

Ngakhale foni yopanda chinsinsi chilichonse imaulula mwini wake pongoyaka. Mu Januwale 2018 mnyamata wina wa pa yunivesite ku Australia, Nathan Ruser, anaona kuti mapu a Strava, pulogalamu ya othamanga, akuonetsa bwinobwino malire a makampu a asilikali ku Syria ndi Afghanistan, chifukwa asilikali ankathamanga mozungulira mpanda atavala mawotchi olemba njira. Usiku wolowa chaka cha 2023, mizinga ya Ukraine inagwera nyumba ya sukulu imene munagona asilikali a Russia ku Makiivka. Unduna wa zachitetezo wa Russia unavomera kuti anafa 89, ndipo unaloza chala asilikali omwewo kuti anayatsa mafoni ngakhale analetsedwa. Ambiri ku Russia komweko anati uku kunali kukankhira mlandu kwa akufa, poti amene anaunjika anthu ochuluka chotero m'nyumba imodzi ndi akuluakulu awo. Koma palibe amene anatsutsa kuti foni yoyaka imaoneka kwa mdani.

N'zochititsa chidwi kuti m'nkhondo yomweyi, mmene foni ingaphetse munthu, ndi mmenenso foni yalowa m'malo mwa pepala mofulumira kuposa kwina kulikonse. Gulu lankhondo la Ukraine linatengera ku Soviet Union mwambo wa mabuku ndi malipoti olemba pamanja, moti asilikali ake ankalinyoza kuti ndi gulu lankhondo la mapepala. Wofuna tchuthi, wofuna kupita kuchipatala, wofuna ndalama zimene boma limapereka kwa wovulala, ankalemba kalata yopita kwa mkulu wake, iyeyo asaine n'kupereka kwa wamkulu wina, mpaka pamwamba. Kalata inkatha kubwezedwa chifukwa cha liwu limodzi lolakwika. Inkathanso kungolowa m'dirowa, ndipo mwini wake akafunsa n'kuuzidwa kuti sinafike.

Pa 8 Ogasiti 2024 boma la Volodymyr Zelensky linakhazikitsa pulogalamu ya pafoni yotchedwa Army+. Inayamba ndi mitundu 11 ya malipoti. Msilikali amasankha fomu, amadzaza, amasaina pafoni pomwepo, n'kutumiza kwa mkulu wake. A ku Ukraine sanayambire pamene a ku America anayambira, pa munthu wotuluka magazi. Anayambira pa ntchito ya muofesi, imene munthu angaichite atakhala pansi kumbuyo kwa mzere wa nkhondo, manja ali oyera. Ndipo phindu lenileni la pulogalamuyi, mmene ndikuonera, si kupulumutsa mapepala kapena mafuta a galimoto yonyamula makalata. Ndi lakuti lipoti likatumizidwa limakhala ndi tsiku ndi nthawi, mwini wake amaona pamene lafika, ndipo bwana wolikana ayenera kulemba chifukwa chake. Dirowa ija yatsekedwa. Msilikali wamba, amene m'usilikali saloledwa kukweza mawu, wapeza mboni imene bwana wake sangaiopseze.

Mu Novembala 2024 anawonjezera chinthu chimene chinakhudza mphamvu za akuluakulu mwachindunji: kupempha kusamukira ku gulu lina. Pempholi silidutsanso m'manja mwa onse a pamzere. Limapita ku ofesi ya likulu yoona za asilikali, imene inapatsidwa maola 72 kuti iyankhe. Asilikali masauzande ambiri anapempha m'miyezi yoyambirira, ndipo kwa nthawi yoyamba zinayamba kuoneka m'ziwerengero kuti ndi magulu ati amene anthu akuwathawa ndi ati amene akuwathamangira. Si mabwana onse anakondwa. Panamveka madandaulo akuti ena, chilolezo chitatuluka kale pafoni, ankachedwetsa dala kumasula munthu, ena n'kumutumiza kutsogolo, ndipo unduna wa zachitetezo wa Ukraine wakhala ukusinthasintha malamulo a kusamukaku pofuna kutseka mipata imeneyi.